Zimene Nkhuku za Dona Zinkadya

Musi unali m'manja mwanga pamene a Kamtedza anatulukira kuseri kwa nkhokwe. Anaima. Anayang'ana mtondo, kenaka anayang'ana ine.

"Alamu, mlongo wanga wamwalira kodi?"

"Ali kudimba."

"Nanga mwamuna n'kumasinja? Ndevuzo munachita kubwereka ku Halale?"

Ndinapitiriza kusinja. Mumtondomo munali mapira ndi khobwe wokazinga.

"Ndiye phala la ndani limeneli?"

"La nkhuku."

Anaseka mpaka kugwira nkhokwe. Anaitana akazi amene ankapita kumadzi kuti adzaone mkamwini wosinjira nkhuku. Akaziwo anabwera, anaseka, anapita.

A Kamtedza anali mlongo wake wamkulu wa Naphiri, mkazi wanga. Ndiwo anali mwinimbumba. Ine ndinali mkamwini chabe, wodzakwatira pamudzi wa eni. Nyumba ndinamanga ndine, koma malo anali awo. Nkhokwe ndinaluka ndine, koma chimanga chake chinali chawo. Changa pamudzipo chinali tambala mmodzi ndi thadzi limodzi lofiira, nkhuku zimene ndinabwera nazo pamutu kuchokera ku Halale.

Popita ku Halaleko ndinachoka kumapiri kwathu, kufupi ndi Kabwazi, titangokolola. Naphiri anali ndi pakati. Masiku amenewo mwamuna wotsala pamudzi ankagwidwa kukagwira ntchito ya boma kapena kukasenza katundu wa azungu. Ndinati kuli bwino ndikadzigulitse ndekha ku migodi ya ku Halale. Tinanyamuka anthu asanu ndi atatu, wapansi, aliyense ndi thumba la ufa ndi nthungo. Titadutsa malire, ku Domwe, tinapeza Zuze atakhala pansi pa mtengo, akudikira anthu oti ayende nawo. Anali wamfupi, wa mano oyera, wolankhula ngati mpheta. Anandisankha ine.

"Achimwene, pakamwa panupo ndi pongodyera basi?"

"Inde."

"Zili bwino. Ine ndizilankhula, inu muzisenza."

Tinawoloka Zambezi pa bwato ku Tete. Kuyambira pamenepo ndi minga, dzuwa ndi ludzu. Mapazi anang'ambika. Mmodzi wa ife tinamsiya pamudzi wina akutsegula m'mimba, ndipo sindinamvenso za iye. Mwezi unatha tili panjira.

Ku migodi sitinafike. Mzungu wina wa pulazi, kuseri kwa Halale, anatitenga ine ndi Zuze pamsewu. Munda wake unali waukulu kuposa midzi itatu ya kwathu. Mkazi wake, amene tonse tinkamutcha Dona, ankaweta nkhuku zofiira, zazikulu ngati nkhanga ziwiri, ndipo mazira ake ankapita m'tauni pa ngolo. Ine ndinali nditakhalako zaka zitatu pa sukulu ya mishoni. Dona ataona kuti ndikutha kuwerenga zolembedwa pa matumba, anati ndikhale wa kukhola. Zuze anampatsa kutunga madzi ndi kupukusa chigayo cha manja.

Chakudya cha nkhukuzo ndikuchidziwabe mpaka lero, ngati pemphero. Zitini zisanu ndi chimodzi za chimanga chophwanya, osati ufa, koma misere. Zitini ziwiri za mapira. Ziwiri za nyemba kapena khobwe, koma woyamba wakazingidwa, chifukwa wosakazinga amazitsegula m'mimba. Chitini chimodzi cha gaga. Mafupa a ng'ombe owotcha, opera, odzaza dzanja limodzi, kuti zigoba za mazira zilimbe. Kamchere pang'ono. M'mawa tinkathiramo mkaka wosasa wotsala kwa ng'ombe. Masana tinkazidulira masamba. Madzi tinkasintha kawiri. Dona ankabwera, n'kupisa dzanja m'chosakanizacho, n'kununkhiza. Akapeza nkhungu, mbama.

Ife anthu phoso lathu, chakudya chimene ankatigawira, linali ufa wa mgaiwa ndi mchere. Basi. Nyama tinkaiona ng'ombe ikafa yokha.

"Achimwene," anatero Zuze tsiku lina akupukusa, thukuta likugwera m'chigayo, "Mulungu anatilakwira. Akanatipatsa nthenga."

Tambala wamkulu ankamutcha Bwanamkubwa. M'mawa uliwonse ankamvulira chipewa. "Mwadzuka bwanji, Bwanamkubwa? Mkaka wakwanira? Akazi anu onse ali bwino?" Ndinkaseka m'mimba, pakamwa ayi.

Chaka chachiwiri anthu m'komboni anayamba kudwala. Usinini unkatuluka magazi. Khungu la m'khosi linkada n'kumasupuka. Ena miyendo inkatupa. Ine mano anayamba kugwedera. Anali Zuze amene anapeza nzeru. Tsiku lina masana, Dona atagona, anatapa chosakanizacho manja awiri, anathira m'chitini, anaphika kuseri kwa khola. Phala lake linali loderako, lokhala ndi timchenga ta mafupa. Tinadya ndi zala. Mawa lake tinadyanso. Mwezi usanathe mano anga analimba, ndipo Zuze anayambanso kuimba.

Tinadya choncho nyengo yonse ya dzuwa. Kenaka kapitao anamgwira Zuze pachipata, misere ikutayika kuchokera m'chipewa. Anatiimika tonse awiri pamaso pa Dona.

"Ndi ndani winanso?" anafunsa kapitao.

"Ndekha," anatero Zuze. "Uyu sadya. Simukuona pakamwa pake sipatseguka?"

Ine ndinali pomwepo. Anam'menya zikoti, ine ndikuyang'ana pansi. Anamchotsa kukhola, anamtumiza kukakumba ngalande kudambo, kumapeto kwa pulazi. Lamulungu lina ndinampititsirako kathumba ka chosakanizacho. Lamulungu lotsatira ndinateronso. Lachitatu lake kapitao anayamba kutifufuza pachipata, ndipo ndinachita mantha. Ndinaleka.

Mvula itagwa ndinakamuona. Anali atagona pa thumba, miyendo ili ngati mitondo, nkhope yotupa, tsitsi litafiira. Anandiuza kuti nditobwanye phazi lake ndi chala. Ndinatobwanya. Kadzenje kanatsala pomwepo, osabwerera.

"Mwaona? Ndanenepa tsopano," anatero. "Mukamuuze Bwanamkubwa kuti ndamupeza."

Anafa sabata yomweyo. Tinamkulunga m'matumba awiri a chimanga. Zolembedwa pa matumbawo ndinatha kuziwerenga. Ndinabwerera kukhola, chifukwa nthawi ya masamba inali itakwana.

Dzinja linandipeza pa pulazipo kanayi. Anthu a kwathu akamabwerera ndinkawapatsira katundu: bulangete, nsalu ya Naphiri, makasu awiri. Mmodzi anandibweretsera uthenga woti kwabadwa mwana wamkazi, dzina lake Malita. Dzinalo ndinalilemba ndi khala pa khoma la khola, m'kati, pamene Dona sankayang'ana.

Nditanena kuti ndikupita, Dona anali akusankha nkhuku zochotsa. Anandipatsa katambala ndi misoti iwiri. Anati ndikaphunzitse anthu a kwathu kuweta. Ndinaluka dengu lophimba, ndinasenza. Panjira ndinkagawana nazo ufa wanga ndi madzi anga. Anzanga ankanditcha mkazi wa tambala. Msoti umodzi unafa ndi kutentha tisanafike ku Tete. Ndinaudya. Ziwirizo zinafika.

Ndinalowa m'mudzi nthawi ya dzuwa, mitengo ikuphuka. Naphiri anagwada, anandilandira dengu, osayang'ana kumaso. Anali atakalamba kuposa zaka zimene ndinachoka. Anthu anali atamuuza kuti ndatchona, sindidzabweranso. Munda umene ndinaswa ndi manja anga ankalima a Kamtedza. Bulangete langa linali paphewa pawo, ndipo anandipatsa moni atalifunda.

Malita anabisala kumbuyo kwa mayi wake. Anali wamng'ono kuposa msinkhu wake, mimba kutsogolo, timiyendo ngati mapesi.

"Bambo ako awa," anatero Naphiri.

"Mlendo," anatero mwanayo.

Ine ankandiopa, koma nkhuku ayi. Tsiku lonse ankakhala chonjuta pa khola limene ndinamanga, kumayang'ana thadzi lofiira. Ndi pamenepo pamene tinazolowerana. Ndinkamuthirira misere m'kadzanja, thadzi n'kumajompha, iye n'kumaseka.

Kwathu nkhuku sipatsidwa chakudya. Imadzipalasira yokha kudzala, ikapeza gaga wotayika ndi mwayi wake. Nkhokwe chaka chimenecho inali pakati, ndipo sindikanatapamo. Ndinapita ku Linthipe, ndinasinthanitsa jekete langa ndi mapira dengu limodzi ndi khobwe pang'ono. Mafupa a ng'ombe kunalibe, ndiye ndinkatola zigoba za nkhono kudambo, n'kuwotcha, n'kupera pamwala. M'malo mwa mkaka ndinkatchera chiswe: udzu wonyowa m'phale, kuvundikira pachulu, m'mawa n'kukakutumulira m'khola. Masamba anali bonongwe ndi chisoso. Chigayo kunalibe. Ndinapempha Naphiri kuti andisinjire.

"Ndisinjire nkhuku, anthu akuona? Mukufuna andiimbe nyimbo pamtondo?"

Ndiye ndinatenga musi ndekha. Ndi mmene a Kamtedza anandipezera tsiku lija.

Thadzi linayamba kuikira mvula yoyamba itagwa. Dzira tsiku ndi tsiku, lalikulu, lofiirira. Nthawi yomweyo nkhokwe zinayamba kuonetsa pansi. Tinkadya kamodzi. Malita ankamwa phala la ufa woyera, lamadzi, lopanda kanthu. Anasiya kubwera kukhola. Ankangokhala pakhonde, osalira, osaseka. Tsitsi linayamba kufiira. M'mawa wina ndinamgwira phazi, ndinatobwanya ndi chala. Kadzenje kanatsala.

Ndinakhala pansi pomwepo. Ndinali nditaliona kale dzenje limenelo.

Ndinasefa chosakaniza changa, ndinachotsa zigoba, ndinaphika phala m'kamphika, ndinaswera dzira. Naphiri anandipeza ndikuuzira kuti lizizire.

"N'chiyani chimenecho?"

"Cha mwana."

"Cha m'khola chija?"

"Ine ndinadya chomwechi. Ndili moyo."

"Inu munadya ku ukapolo kwanuko. Mwana wanga si nkhuku." Ananunkhiza. "Mwathiramo dzira? Mayo! Mukufuna azigwa khunyu? Ndani pamudzi pano anapatsapo mwana dzira?"

Anakhuthulira phalalo galu.

Ndinadikira. M'mawa Naphiri akapita kukapalira, ine ndinkatsalira, kunamizira kukonza khola. Ndinkaphika dzira limodzi m'chitini, kuseri kwa khola, monga tinkachitira ndi Zuze. Tsiku loyamba Malita analavula. Lachiwiri anameza pang'ono. Lachisanu anadya lonse, ananyambita chala changa. Tsiku limenelo anayenda yekha mpaka pakhola. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Tate, lina."

Kanali koyamba kunditchula choncho.

Madzulo ake mayi wake akumupatsa phala, mwanayo anakankha chipande. "Ndifuna la nkhuku." Naphiri anapita kuseri kwa khola, anafukula phulusa, anapeza zigoba.

Mawa lake a Kamtedza anandiitana pansi pa mtengo wa msuku. Panali iwo, Naphiri, ndi akuluakulu awiri. Za dzira anangozikhudza. Nkhani yawo inali ina.

"Alamu, mwanayu sanatupepo inu kulibe. Mwabwera inu, watupa. Tapita koombeza. Akuti ndi tsempho. Kumene munaliko munagona ndi akazi, mwabwera wotentha, mwanyamula mwana musanamwe mankhwala. Mwamsempha ndinu. Tikunama?"

Sindinakane. M'komboni munali mkazi wina, miyezi iwiri, chaka chimene Zuze anafa.

"Mwamva, Naphiri? Sakukana."

"Mnzanga Zuze anatupa chomwechi," ndinatero. "Anali ndi ndevu. Anamsempha ndani?"

"Za a Zuze anuwo ife sitikuzidziwa."

"Ndi njala. Ufa wokha. Mwana adye dzira, adye khobwe."

"Njala tili nayo tonse. Ine ndatupa?" Anatambasula mwendo kuti onse aone. Akuluakulu aja anaseka.

Ndikanakhala Zuze ndikanalankhula mpaka dzuwa kulowa. Ndikanawaseketsa, ndikanawanyengerera, mwina akanalola.

Anagamula ziwiri. Tambala apite kwa sing'anga, akhale malipiro a mankhwala. Mwana achoke m'nyumba mwanga, akakhale kwa agogo ake, amayi a Naphiri, mpaka atachira. Anadziwa chimene ankachita. Mkamwini salowa m'nyumba ya apongozi ake. Ngakhale kukumana nawo panjira amapatuka, kulowa m'tchire.

Tambala anamtenga tsiku lomwelo, atam'manga miyendo ndi luzi. Mwana anamtemera mphini, anam'mwetsa mizu. Ine ndinkaima kuseri kwa mpanda wa udzu, kumamvetsera. Poyamba ndinkamva kakulira. Kenaka sindinkamva kanthu.

Thadzi silinaleke kuikira. Ndinkasinjabe, ndinkatcherabe chiswe. Anthu analeka kuseka, anangondizolowera ngati wamisala wa pamudzi. Mazira anadzaza kansengwa. Popanda tambala sakanaswa anapiye. Tsiku lina ndinaphika atatu, ndinawakulunga m'masamba a nthochi, ndinampatsa Naphiri panjira ya kumadzi.

"Anaphiri, palibe amene adzaone. Mumpatse limodzi limodzi."

Anayang'ana kumbuyo, anayang'ana kutsogolo. Misozi inali m'maso.

"Akagwa khunyu adzati ndine."

"Akafa adzati ndani?"

"Adzati ndinu."

Koma analandira. Anabisa m'nsalu. Ndinabwerera ndi mtima wopepuka pang'ono. Masana ndikudutsa pakhomo pa a Kamtedza, ndinawapeza atakhala pampando, akusenda dzira. Zigoba za awiri zinali kale pansi.

"Mlongo wanga sandibisira kanthu, alamu," anatero. "Koma ndi okoma. Kamchere kokha."

Mwamuna wamkulu amaloledwa kudya dzira. Mwambo sukana.

Tsiku limenelo ndinapita mpaka pakhomo pa apongozi. Ndinafika pakhonde. Chitseko chinali chabango, chokankha ndi phazi limodzi. Ndinali ndi dzira m'dzanja. M'katimo apongozi anatsokomola, kundidziwitsa kuti andimva. Akazi awiri anaima pabwalo, mitsuko ili pamutu, kundiyang'ana. Ndinawoloka Zambezi kawiri, koma pakhomo pamenepo sindinawoloke. Ndinabwerera. Zimenezi sindinauzepo munthu.

Malita anafa chimanga chikumasula, kutatsala masabata ochepa kuti anthu ayambe kudya dowe. Anandiitana kuti ndidzaone nkhope atamsambitsa kale. Sindinamzindikire.

Adzukulu okumba manda sagwira khasu popanda nkhuku. Za pamudzi zinali zitatha, zina kusinthanitsa ndi chimanga, zina kudyedwa. Ndili pa siwa ndinamva thadzi likulira kukhola, kenaka linaleka. Palibe amene anandifunsa. Nkhuku ya mkamwini ndi ya pamudzi.

Tinaika. Tinasamba kudambo. Patapita masiku tinameta.

M'mawa mwake ndinadzuka monga mwa masiku onse. Miyendo inanditengera yokha kukhola, lichero lili m'manja, chosakaniza chotsala chili momwemo. Ndinazindikira nditatsegula kale kachitseko. M'katimo munali nthenga zofiira ziwiri ndi phale la madzi.

A Kamtedza anabwera, mutu wometa, bulangete langa paphewa. Anakhala pamtondo umene ndinaugoneka pansi. Anayamba bwino, ndi mawu ofatsa.

"Pepani, alamu. Zinalembedwa. Mukadali anyamata, mudzabereka ena."

Anayang'ana kukhola.

"Koma nkhuku ija! Adzukulu akuinenabe. Akuti chibadwire sanadyepo yonona choncho. Mafuta achikasu mpaka kusefukira. Ndiye ataitumbula, m'mimbamo mazira ndondondo, lalikulu, lotsatira, lotsatira, mpaka ting'onoting'ono ngati mawere. Ikanaikira mpaka kukolola imene ija."

Anasuzumira mulichero. Anatapa pang'ono, anafikisa pakati pa zala, ananunkhiza monga ankachitira Dona.

"Ine ndikufuna ndipeze timisoti tiwiri kwa anzanga ku Chimbiya. Kusinjako asinja ndi akazi, musadandaule. Tandiuzani, alamu. Mumathira chiyani ndi chiyani?"

Ndinawayang'ana. Ankafunsa zoona, maso ali gwa, kudikira.

Ndinatula lichero pamapazi awo. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga nthungo yanga ndi dengu lophimba lija. Naphiri anali pakhomo, akupeta. Anaimitsa manja. Ndinamdutsa.

"Alamu!" anaitana a Kamtedza. "Mapirawo ndi ochuluka bwanji? Alamu!"

Ndinatsika kudambo, ndinawoloka pa mtengo, ndinatenga njira ija ya ku Domwe, yopita ku Halale.